Chimbale choyamba cha Led Zeppelin: zimene olemba anamva ndi zimene anthu anamva

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amaimba gitala m'bandi yaing'ono imene imasangalatsa alendo m'malo ogona a m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Makawa kukafika ku Monkey Bay, ndipo sipapita masabata ambiri mlendo wina wachikulire asanamupemphe nyimbo ya Led Zeppelin, gulu la nyimbo za rock la ku Britain. Madzulo ena a mu Okutobala, titakhala pakhonde pano pa boma la Mangochi kudikira kuti m'nyumba muzizire, anaika pafoni yake chimbale choyamba cha gululi ndipo anandifunsa kuti: "Amalume, ndawerenga kuti chimbale ichi chitangotuluka, olemba nyuzipepala anachinyoza kwambiri. Kodi anali ogontha, kapena ndife tikungochitama chifukwa aliyense akuchitama?" Ndinamuyankha kuti sanali ogontha, ndipo kuti zina mwa zimene ananena zinali zoona kwambiri moti patapita zaka makumi anayi nkhani yake inakafika kukhoti. Kulakwa kwawo kunali kwakuti anaweruza chimbalechi ngati mulu wa nyimbo zopekedwa, pomwe chatsopano chimene chinabweretsa sichinali m'mawu a nyimbozo kapena m'mapekedwe ake, koma m'kamvekedwe.

Gululi linabadwa m'phulusa la gulu lina, The Yardbirds, limene linatha mu Julaye 1968 likadali ndi mapangano a zoimbaimba kumayiko a Denmark ndi Sweden. Jimmy Page, woimba gitala wa zaka 24, ndiye anatsala ndi udindo wokwaniritsa mapanganowo. Iye sanali mlendo mu situdiyo, chifukwa kwa zaka zingapo ankalembedwa ganyu yoimbira gitala anthu ena m'masitudiyo a ku London, ntchito imene inamuphunzitsa kumene akatswiri amaika mayikolofoni ndiponso chimene chimawononga nthawi ndi ndalama pojambula. John Paul Jones, woimba besi ndi limba, anachokera ku ntchito yomweyo ndipo ankadziwikanso pokonza nyimbo za anthu ena. Woimba amene Page ankamufuna poyamba, Terry Reid, anakana koma anamulozera kwa Robert Plant, mnyamata wa zaka 19 wa kumadera a Birmingham, ndipo Plant ndi amene anabweretsa mnzake woimba ng'oma, John Bonham, amene anaimbapo naye m'gulu la Band of Joy. Motero panali awiri odziwa mzinda ndi situdiyo, ndi awiri a kunja kwa London amene sankadziwika koma anali ndi mphamvu zosaweta. Anayeserera koyamba mu Ogasiti m'kachipinda kapansi mumsewu wa Gerrard Street, ndipo pa 7 Seputembala 1968 anaimba pagulu koyamba ku Gladsaxe, pafupi ndi Copenhagen, pansi pa dzina lakuti The New Yardbirds.

Ulendo wa ku Scandinavia umenewu ndi umene umatithandiza kumvetsa chifukwa chake chimbalechi chinajambulidwa mofulumira. Atabwerera ku London kumapeto kwa Seputembala, analowa mu Olympic Studios ku Barnes nyimbo zambiri atazipsetsa kale pamaso pa anthu, ndipo ntchito yonse, kujambula ndi kusakaniza mawu, inatenga maola pafupifupi 36 omwazikana m'masabata ochepa. Ndalama zimene zinalipidwa zinali mapaundi 1,782, ndipo sizinachoke ku kampani ina iliyonse, chifukwa panthawiyo gululi linalibe pangano ndi kampani. Page analipira situdiyo ndi cholinga chakuti pasapezeke bwana wowauza nyimbo yoti achotse kapena yoti afupikitse. Mkulu wowayendetsera zamalonda, Peter Grant, ananyamula matepi otha kale kupita nawo ku New York, kumene Atlantic Records inawasainitsa mu Novembala 1968 ndi kuwapatsiratu ndalama zopitirira madola 100,000, zimene zinali zochuluka zedi kwa gulu limene linali lisanagulitse chimbale ngakhale chimodzi. Wina aliyense woimba kuno kwathu amene anadikirapo miyezi kuti mwini situdiyo amumalizire nyimbo akhoza kumvetsa kukula kwa ufulu umenewu.

Tsopano tifike pa kamvekedwe, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani. M'zaka zimenezo chizolowezi chofala chinali kuyandikizitsa mayikolofoni pa ng'oma ndi pa sipika ya gitala, kuti mawu alowe oyera ndi osasakanikirana ndi china chilichonse. Page, mothandizana ndi katswiri wojambula Glyn Johns, ankaika mayikolofoni ina pafupi ndipo ina kutali ndithu, mamita angapo kuchokera pa choimbiracho, kenako n'kuphatikiza mawu a ziwirizo. Mfundo yake inali yakuti mtunda ndi umene umabala kuya kwa mawu. Ife a kuno sitifunika buku kuti timvetse zimenezi. Ukaima pafupi ndi ng'oma ya beni umamva kwambiri kuwomba kwa dzanja kapena kwa ndodo pachikopa, koma ng'oma yomweyo ikamalira usiku kutsidya kwa Shire, imafika m'khutu itanenepa, itanyamula mpweya ndi malo onse amene yadutsa. Page ankafuna kuti womvera amve zonse ziwiri nthawi imodzi, kuwomba kwa pafupi ndi kugunda kwa patali, ndipo n'chifukwa chake ng'oma za Bonham pa chimbalechi zimamveka ngati zili m'chipinda chimene iwe wakhalamo.

Masekondi oyamba a nyimbo yotsegulira, "Good Times Bad Times", amaonetsa zimenezi bwino. Gitala ndi besi zimagunda kawiri n'kusiya mpata, ndipo mumpatamo mumamveka ng'oma zikudzaza pang'onopang'ono, mpaka Bonham ayamba kuponda ng'oma yaikulu ya pansi mofulumira moti oimba ng'oma ambiri ankaganiza kuti ali ndi ng'oma ziwiri, pamene anali ndi imodzi yokha ndi phazi limodzi. Chodabwitsa china n'chakuti phokoso lalikulu la gitala limene anthu amaliganizira kuti linachokera m'zokuzira mawu zazitali ngati khoma linatuluka m'kaampulifaya kakang'ono ka Supro, ndipo gitala yake inali Fender Telecaster imene Page anapatsidwa ndi mnzake Jeff Beck, woimba gitala amene anali naye mu The Yardbirds. Kukula kwa mawu sikunachoke pa kukula kwa zipangizo, koma pa malo amene anaika mayikolofoni. Pa "You Shook Me" anatembenuza tepi kuti kamawu kobwerera kamveke mawu enieniwo asanafike, ndipo pa "Dazed and Confused" anakhwekhwereza zingwe za gitala ndi uta woimbira vayolini.

Chinthu chachiwiri ndi chimene Page ankachitcha kuwala ndi mthunzi, ndiko kuti nyimbo isamangokuwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. "Babe I'm Gonna Leave You" imayamba ndi gitala wamba yopanda magetsi ndi mawu otsika a Plant, bata lokhalokha ngati nyanja m'mamawa, kenako mwadzidzidzi gulu lonse limagwera pamodzi monga mmene mwera umadzukira asodzi ali pakati pa madzi, ndipo posakhalitsa bata limabwereranso. Kulemera kwa gawo laphokosolo kumamveka chifukwa cha kufatsa kwa gawo limene lalitsogolera. Magulu ambiri amene anabwera pambuyo pake anatengera phokoso n'kusiya bata, ndipo ine ndimaona kuti apa ndi pamene ambiri a iwo anatopetsera. Chimbalechi chili ndi nyimbo zisanu ndi zinayi, mphindi pafupifupi 45, koma muli limba la ngati la m'tchalitchi pa "Your Time Is Gonna Come", muli ng'oma za ku India za tabla zoimbidwa ndi Viram Jasani pa "Black Mountain Side", ndipo muli "Communication Breakdown", kanyimbo ka mphindi ziwiri ndi theka kothamanga ngati kakuthawa moto. Chomanga zonsezi pamodzi ndi chimene oimba amachitcha riff, kachidutswa kafupi ka gitala kobwerezedwabwerezedwa kamene gitala ndi besi zimaimba limodzi, moti nyimbo imaima pa kachidutswako koposa pa mawu oimbidwa, monga mmene woimba bangwe amagwirira kachidutswa kamodzi n'kumangapo nyimbo yonse.

Chimbalechi chinatuluka ku America mu Januwale 1969 ndipo ku Britain kumapeto kwa Malichi. Pachikuto panali chithunzi cha Hindenburg, chibaluni chachikulu cha ku Germany chonyamula anthu, cha mtundu wotchedwa Zeppelin, chikupsa ku Lakehurst m'dera la New Jersey pa 6 Meyi 1937, ngozi imene inapha anthu 36. Dzina la gululi linachokera ku nthabwala ya oimba anzawo a gulu la The Who, yakuti gulu lotere likhoza kugwa ngati chibaluni chopangidwa ndi mtovu, umene m'Chingerezi ndi "lead".

Ndemanga imene imakumbukika kwambiri inatuluka m'magazini ya Rolling Stone pa 15 Malichi 1969, yolembedwa ndi John Mendelsohn. Iye anavomereza kuti Page ndi katswiri pa gitala, koma ananena kuti ngati wojambula luso lake ndi lochepa ndipo nyimbo zimene amapeka ndi zofooka ndi zosowa nzeru zatsopano. Plant anamuyerekeza ndi Rod Stewart, woimba wa m'gulu la Jeff Beck, n'kunena kuti samufika, ndipo kukuwa kwake anati ndi kokakamiza. Mfundo yake yaikulu inali yakuti chimbalechi sichinapereke chilichonse chimene gulu la Jeff Beck linali lisanachite bwino kale miyezi ingapo m'mbuyomo. Si onse amene analemba motero, pakuti ku Britain Chris Welch wa nyuzipepala ya Melody Maker anachiyamikira, koma Rolling Stone ndiyo inali ndi mawu olemera pakati pa achinyamata ophunzira a ku America, ndipo bala limene inasiya silinapole msanga. Kwa zaka zingapo gululi linkapewa atolankhani, ndipo magaziniyi inadzawaika pachikuto chake mu 1975 pokha, iwo atafika kale podzaza mabwalo akuluakulu.

Kuti timvetse Mendelsohn tiyenera kuima pamene iye anaima. Gulu la Cream, limene linali patsogolo polemeretsa blues, chamba cha nyimbo za anthu akuda a ku America, linali litangotha mu Novembala 1968, ndipo makampani onse ankasaka wolowa m'malo mwake. Chimbale cha Jeff Beck chotchedwa Truth chinatuluka pakati pa 1968, ndipo nachonso chinali ndi woimba wa mawu okwera, gitala yaukali, ngakhalenso nyimbo yomweyo ya "You Shook Me". Kenako kunamveka mbiri yakuti Atlantic yapereka ndalama zambirimbiri kwa gulu losadziwika, panthawi imene olemba ambiri a nyimbo za rock ankakhulupirira kuti nyimbo zimenezi ndi mawu a achinyamata otsutsa nkhondo ya ku Vietnam ndi dyera la makampani. Kwa munthu woganiza choncho, Led Zeppelin inkaoneka ngati katundu wopangidwira msika. Komanso olemba a nthawiyo anakulira pa Bob Dylan ndi The Beatles, ndipo ankayeza chimbale poona zimene mawu ake akunena. Mawu a pa chimbalechi ndi akale ndithu, mwamuna wodandaula za mkazi, ndipo pamuyeso umenewo sakanapambana. Muyeso woyezera kulemera kwa ng'oma m'chipinda kapena mpata wa pakati pa magundidwe awiri iwo analibe, chifukwa chinthucho chinali chisanakhale ndi dzina.

Koma pali mbali imene olemba aja anakhoza, ndipo sindifuna kuti mphwanga kapena wina aliyense aidumphe chifukwa chokonda chimbalechi. Nyimbo zambiri zili mmenemo si zawo. Ziwiri anazilemba moona m'dzina la mwini wake, Willie Dixon wa ku Chicago: "I Can't Quit You Baby", imene Otis Rush anaijambula mu 1956, ndi "You Shook Me", imene Muddy Waters anaiimba mu 1962. Koma "Babe I'm Gonna Leave You", imene Page ndi Plant anaimva pa chimbale cha Joan Baez, inalembedwa ngati nyimbo ya makolo yopanda mwini imene Page wangoikonza, pamene mwini wake, Anne Bredon, anali moyo, ndipo dzina lake linadzaikidwa patapita zaka pafupifupi makumi awiri. "Dazed and Confused" inalembedwa kuti ndi ya Page yekha, chikhalirecho Jake Holmes anaitulutsa mu 1967 ndipo anaiimba ku New York usiku umene The Yardbirds inali pomwepo. Holmes anakasuma mu 2010, nkhaniyo inathera kunja kwa khoti, ndipo lero pansi pa nyimboyo pamalembedwa kuti Page anaipeka motsogozedwa ndi ya Jake Holmes. "Black Mountain Side" imatsatira kwambiri mmene Bert Jansch anaimbira nyimbo ina yakale ya ku Ireland, koma Jansch sanatchulidwe. Mu "How Many More Times" mumamveka zidutswa za Howlin' Wolf ndi Albert King.

Ena amateteza gululi ponena kuti m'chamba cha blues kubwerekana ndi mwambo, ndipo n'zoona kuti oimba akuda a ku Mississippi ndi ku Chicago ankatengerana mizere ndi magundidwe, monga mmene nyimbo ya pamtondo kapena ya manganje imayendera mudzi ndi mudzi popanda wofunsa amene anaiyamba. Koma mwambo umenewu umagwira pakati pa anthu amene palibe akulemera ndi nyimboyo. Dzina likalembedwa pachimbale limakhala chiphaso cholandirira ndalama nthawi iliyonse nyimboyo ikagulidwa kapena kuimbidwa pawailesi, ndipo chimbale chimene chagulitsidwa makope oposa 8 miliyoni ku America kokha sichingabisale kumbuyo kwa mwambo wa pamudzi. Kuno kwathu bungwe la COSOMA linakhazikitsidwa mu 1992 pa chifukwa chomwechi, ndipo aliyense amene anaonapo woimba wokalamba akusauka nyimbo yake ikuvinidwa m'dzina la wina amadziwa kuti nkhaniyi si ya ulemu wokha, ndi ya chakudya.

Pamene olemba ankanola zolembera zawo, gululi linali kale pamsewu. Linaimba koyamba ku America pa 26 Disembala 1968 mumzinda wa Denver, chimbale chisanatuluke n'komwe, likutsegulira gulu la Vanilla Fudge, ndipo m'chaka cha 1969 chokha linazungulira dzikolo kanayi. Pansanja, nyimbo ya mphindi zisanu ndi imodzi inkatha kutalika kuwirikiza, ndipo mnyamata amene wamva ng'oma za Bonham zikumugwedeza pachifuwa sankafunikanso magazini kuti imuuze chimene wamva. M'mawa mwake ankauza anzake, anzakewo n'kukagula chimbale. Chinathandizanso china ndi mawailesi atsopano a FM, amene mosiyana ndi mawailesi akale ankalola nyimbo zazitali ndipo ankatha kuimba mbali yonse ya chimbale. Grant ndi Page anakana kutulutsa nyimbo imodziimodzi ku Britain, kuti wofuna kumva agule chimbale chonse, ndipo ku America "Good Times Bad Times" itatulutsidwa payokha inangofika pa nambala 80. Pachikuto, "How Many More Times" inalembedwa kuti ndi ya mphindi zitatu ndi theka pomwe imapitirira mphindi zisanu ndi zitatu, kuti oulutsa mawu asaithawe. Chimbale chonsecho chinafika pa nambala 10 ku America ndi pa nambala 6 ku Britain, ndipo chachiwiri chitatuluka mu Okutobala chaka chomwecho, chinakwera mpaka kuchotsa The Beatles pa nambala 1 ku America.

Kuno chamba chimenechi sichinazike mizu, ndipo zifukwa zake zimaoneka. Mu 1969 dziko lathu linali ndi wailesi imodzi yokha ya MBC, lamulo lounika zosangalatsa linali litakhazikitsidwa mu 1968, ndipo m'zaka za m'ma 1970 mwamuna wa tsitsi lalitali ngati la Plant ankalakwira lamulo. Koma kwa anansi athu ku Zambia, kumene migodi ya kopa inabweretsa ndalama, magitala amagetsi ndi zimbale za kunja, achinyamata anamva phokoso la mtundu umenewu n'kulisandutsa lawo. Magulu monga WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi anapanga chimene lero chimatchedwa Zamrock, gitala yokhadzula pamwamba pa magundidwe a kwawo, ndipo nyimbo zina anaziimba m'Chinyanja chimene ife timamva popanda womasulira. Ndimakonda kukumbutsa achinyamata zimenezi chifukwa ambiri amaganiza kuti rock ndi ya azungu okha, pamene muzu wake ndi blues ya zidzukulu za akapolo ochokera ku Africa, ndipo nthambi yake ina inamera kuseri kwa Mchinji.

Chiweruzo cha olemba chinasintha pang'onopang'ono, makamaka ana aja amene anagula chimbalechi mu 1969 atakula n'kukhala olemba ndi oimba iwo eni. Gululi linatha mu 1980 Bonham atamwalira pa 25 Seputembala ali ndi zaka 32, atatu otsalawo atagwirizana kuti sangapitirize popanda iye, chimene chikutsimikiza kuti kamvekedwe kaja sikanali ka munthu mmodzi. Mu 2003 Rolling Stone yomwe ija inaika chimbalechi pa nambala 29 pa mndandanda wake wa zimbale 500 zopambana, ndipo mu 2004 chinalowa mu Grammy Hall of Fame. Ine sindiona kusinthaku ngati umboni wakuti Mendelsohn ananama. Iye anafunsa ngati nyimbozo zinali zatsopano, ndipo yankho lake lakuti ayi lakhala likutsimikizika nthawi iliyonse dzina lina likawonjezedwa pachikuto. Anthu a m'maholo a ku Denver, Boston ndi San Francisco anafunsa ngati anamvapo gulu la anthu anayi likumveka chonchi, ndipo nawonso yankho lawo linali ayi.

Usiku umenewo mphwanga anabwereza "Babe I'm Gonna Leave You" katatu, akutchera khutu pamalo pamene bata limasweka, kenako anandifunsa mmene dzina la Anne Bredon limalembedwera ndipo analisunga pafoni yake. Loweruka lotsatira bandi yawo inali ndi zoimbaimba pafupi ndi Nkopola, ndipo anandiuza kuti anapempha wosamalira zokuzira mawu kuti achotse mayikolofoni imodzi pamphuno pa ng'oma n'kukaiimika mapazi khumi kutsogolo, chakumchenga.